Kukabweza Beseni la aNyaMhone

Basi ya ku Mzuzu inandipeza pa Mponela m'mawa, chisanu chikuluma makutu, nditakumbatira beseni lodzaza mtedza. Zinali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, sukulu zitangotsekera. Ine ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito, wa tayi imodzi ndi ulemu wochuluka kuposa malipiro. Mwamuna wovala tayi masiku amenewo sankanyamula beseni pamsewu, koma amayi anga zimenezo analibe nazo ntchito.

Ndifotokoze kaye za besenilo. Ife tinakulira ku Chibanja, ku Mzuzu, kumene bambo ankayendetsa galimoto za boma. Atamwalira chaka chimenecho mvula ili pakati, maliro anagona kunyumba kwathu, m'mawa mwake n'kupita nawo kumudzi ku Dowa. Patapita milungu ingapo tinabwerera kukalongedza katundu, amayi n'kusamukira kwawo. Bokosi lina la mabulangete silinatsegulidwe mpaka chisanu chitafika. Atalitsegula, pansi penipeni anapeza beseni lokulungidwa m'chitenje chawo chomwe. Analitembenuza n'kuyang'ana kunsi kwake, kenako anangokhala pansi.

Ku Chibanja nyumba iliyonse inali ndi chizindikiro chake cholembedwa ndi penti kunsi kwa mbale, makapu ndi mabeseni. Kukagwa maliro kapena ukwati, amayi onse ankabweretsa ziwiya zawo, ndipo zonse zikatha ankazivundikira pa kapinga aliyense n'kumatola zake. Chathu chinali madontho atatu obiriwira, penti yotsala ku galaja ya bambo. Ena ankalemba mtanda, ena chilembo choyamba cha dzina, ena kamzere kokhota. Mwana wamkazi akakwatiwa ankatenga chizindikiro cha amake n'kuwonjezerapo dontho limodzi. Ife ana tinkazidziwa zizindikirozo tisanadziwe kuwerenga. Kunsi kwa beseni limene amayi anapeza kunali mbedza yofiira, ndipo mbedza yofiira inali ya aNyaMhone.

ANyaMhone anali mayi wamasiye wa ku Nkhata Bay, nyumba yawo kuseri kwa yathu. Ndili mwana ndinkadya kwawo ngati kwathu. Kenako tsiku lina iwo ndi amayi anakangana pampopi chifukwa cha ndowa imene wina anasuntha pamzere. Mawu anakula, aNyaMhone n'kunena kuti obwera asamalamule pampopi pa eni ake. Amayi anali atakhala ku Chibanja zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo mawu oti obwera anawalasa mtima. Nawonso anayankha zawo, zimene sindingazilembe pano. Kuyambira pamenepo zaka zitatu zinadutsa osapatsana moni. Pamaliro a bambo aNyaMhone anabwera, anaphika ndi anzawo, anagwira amayi dzanja monga mwa mwambo, basi.

"Mwa anthu onse a ku Chibanja, beseni la NyaMhone," anatero amayi. "Panopa Mzuzu yonse mpaka ku Masasa akudziwa kuti mkazi wa ku Dowa uja anaba pamaliro a mwamuna wake yemwe."

Ndinawauza kuti mwina mlongo wanga analongedza mosazindikira. Anati zimenezo ndikafotokoze kwa mwini wake. Anasiya kudya bwino, tulo sankatiwona. Ndinawafunsa chifukwa chimene sakanapitira okha, iwo n'kudandaula za miyendo, miyendo yomweyo imene inkawafikitsa kudimba tsiku lililonse. Anasenda mtedza wa chalimbana, wosankha bwino, n'kudzaza besenilo mpaka pakamwa, poti kwathu chiwiya cha mnzako suchibweza chopanda kanthu ngakhale mukudana. Anamanga nsalu pamwamba n'kundiuza kuti: "Ukapereke m'manja mwake, anthu akuona. Ukamve zimene anene, udzandiuze osachotsera."

Tikiti ya ku Mzuzu inali makwacha anayi ndi matambala makumi asanu. Kondakitala anafuna kuponya besenilo pamwamba pa basi, pakati pa njinga ndi matumba a chimanga. Ndinakana. Linali la chitsulo chokutidwa ndi utoto woyera wonyezimira uja, umene ukangogunda pamwala umathetheka n'kusiya bala lakuda. Mabala atatu amene linali nawo aNyaMhone ankawadziwa, ndipo lachinayi likanakhala mlandu wa amayi anga. Kondakitalayo anandiyang'ana tayi, n'kuyang'ana beseni, n'kunena kuti ngati ndi mwana ndimufungate. Ndinalifungatadi.

Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa wa duku lachikasu, wochita malonda, amene ankapita ku Jenda kukagula mbatatesi. Tisanafike n'komwe pa Madisi anali atandiwerenga kale.

"Aphunzitsi, mukukafunsira mbeta kumpoto?"

"Ayi mayi, ndatumidwa."

"Onse amatero. Koma ndikuuzeni, kumeneko mtedza sagwa nawo. Amafuna ng'ombe. Beseni limeneli mwina akupatsani mchira wokha."

A mpando wakumbuyo anaseka, ine n'kumayang'ana pawindo ngati minda ya fodya yokolola kale inali yachilendo kwa ine.

Tinafika pa Kasungu dzuwa litakwera. Basi isanazime bwino, anyamata a chipani ovala malaya ofiira anali atayima kale pakhomo kufuna makhadi. Langa linali m'thumba la malaya, moti za khadi sindinade nazo nkhawa. Nkhawa yanga inali pansi pa mtedza. Mkati mwa beseni la aNyaMhone munali chithunzi: chishango pakati, mbali ino mkango utayimirira ndi miyendo iwiri, mbali inayo hatchi ya nyanga imodzi pachipumi, pamwamba chisoti cha mfumukazi ya ku Mangalande. Malemu amuna awo aNyaMhone anabwera nalo kuchokera ku Halale, kumene ankaphikira azungu. Ku Chibanja linkangotchedwa beseni la mkango, ndipo palibe amene ankaliganizira zandale. Koma mnyamata wa malaya ofiira akanatha kuona chisoti cha atsamunda m'manja mwa mphunzitsi wa boma n'kulilanda pomwepo. Ndikanakawauza chiyani aNyaMhone? Kuti beseni lawo labedwa kawiri?

Mmodzi wa anyamatawo, wa ndevu zongomera kumene, anabweza khadi langa n'kupisa dzanja pansi pa nsalu. Anatapa mtedza n'kuponya m'kamwa. Anapisanso, ulendo uno mozama, zala zikufukula.

"Iwe mwana iwe," anatero mayi wa duku lachikasu uja, osakweza mawu n'komwe. "Mtedza wa chinkhoswe umenewo. Wosakwatira akaupisa kawiri amafika pomera imvi akuphika yekha."

Basi yonse inaseka. Mnyamatayo anachotsa dzanja msanga, n'kulipukuta pa kabudula, n'kupita kwa ena. Anyamatawo atachoka ndinawafunsa mayiwo kuti mwambo umenewu ngwakuti.

"Ngwa pa Kasungu pompano," anatero. "Wayamba lero."

Ndinawagulira tiyi ndi sikono podutsira pawindo, matambala khumi, ndipo sindinawerengere kuti ndawononga.

Kupitirira Kasungu phula linatha. Msewu unali wa fumbi ndi mabampu, basi ikunjenjemera thupi lonse, mtedza ukuvina pansi pa nsalu. Fumbi linkalowera pansi pa mipando, moti pofika pa Nkhamenya tonse tinali ndi nsidze zofiira. Miyendo yanga inachita dzanzi chifukwa cha kulemera kwa besenilo, koma pansi sindinaliyike. Pa Jenda mayi uja anatsika, n'kundisiyira mbatata yowotcha m'manja ndi malangizo oti mkaziyo akakana ndibwerere ndi mtedzawo adzandigula. Dzina lawo sindinawafunse, ndipo mpaka lero ndimadandaula.

Pa Jenda pomwepo chilankhulo chinasintha. Amene ankakwera ankati "monire," otsika ankati "yewo," ndipo ndinadabwa kumva pakamwa panga pakuyankha pokha Chitumbuka chimene ndinkaganiza kuti ndinachisiya pamodzi ndi nyumba ya ku Chibanja. Mtima unandiwawa pang'ono. Msewu umenewu bambo ankaudziwa khona ndi khona, ndipo tili ana akatitenga pa tchuthi ankatitchulira dzina la phiri lililonse. Ine ndinkagona m'malo momvera. Tsopano mapiriwo ankadutsa pawindo opanda wonditchulira.

Pa Mzimba tinafika chakumadzulo, dalaivala n'kulengeza kuti basi igona pomwepo, poti kukwera Viphya mumdima iye sangayerekeze. Ndinadya mpunga wa nyemba pa kalesitilanti ka kuseri kwa depoti, n'kupeza mphasa pa nyumba yogona apaulendo, matambala makumi atatu. Ena anatsamira zikwama zawo. Ine ndinagona nditazinga beseni ndi mkono, ndipo bambo wina amene anali pafupi nane ananena kuti akazi ena sakondedwa chotero.

M'mawa mwake tinayamba kukwera. Mitengo ya paini ya ku Chikangawa inayamba kuoneka, mizeremizere mpaka kumene maso alekezera, kenako nkhungu inatseka zonse. Kunkagwa kamvula kaja kosaoneka koma konyowetsa, ndipo dothi lofiira la mumsewu linasanduka sopo. Pakhona ina basi inayamba kuyenda chammbali. Sinathamange, sinagubuduke. Inangotsetsereka pang'onopang'ono n'kukatsamira m'ngalande ngati munthu wotopa. Palibe anavulala. Koma mfundo ya nsalu inamasuka, ndipo mtedza wa amayi anga unamwazika pansi pa mipando mpaka kwa dalaivala.

Ndinatsala ndi beseni pafupifupi lopanda kanthu m'manja, mkango ndi chisoti zili poyera. Mkulu wina wa chipewa chaubweya anasuzumira n'kunena chapansipansi kuti, "Iyi ni nkharamu ya Kwini." Nkharamu ndi mkango m'Chitumbuka. Kenako mayi wina anagwada n'kuyamba kutola mtedza, n'kuthira dzanja loyamba pa chisoti penipeni. Ena anatsatira. Basi ili yopendekeka choncho, anthu osadziwana anakwawa pansi pa mipando kutolera mtedza wa munthu amene sanamuonepo, aliyense akuuzira fumbi asanathire. Sindinganene kuti wonse unabwerera, chifukwa nsagwada zina zinkayenda. Koma beseni linadzaza ndithu mpaka pafupi ndi pakamwa.

Tili panja kudikira thalakitala ya a zankhalango kuti idzatikoke, panayima kagalimoto kotsegula kumbuyo. Woyendetsa anali wansembe wachizungu, wokalamba, wa ndevu zoyera ndi nsapato za matayala. Anatenga mayi wina amene anali ndi mwana wodwala, ndi ena awiri kumbuyo. Ine ndinali nditakhala pamwala ndikupukuta matope m'mbali mwa beseni ndi tayi yanga, poti ulemu unali utatha kale. Wansembeyo anandiyang'ana n'kufunsa ngati katundu wangayo ndi wodwalanso. Ndinati ndi wosachedwa kuvulala. Anaseka n'kunditsegulira kutsogolo.

Ankalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, mawu akutulukira m'mphuno. Nditamufotokozera za ulendo wanga anayimitsa galimoto pambali n'kupempha kuti aone. Ndinakankhira mtedza mbali imodzi. Anayang'ana mkango uja nthawi yaitali.

"Ili ndi la fakitale," anatero. "Koma kwathu ku Falansa, kalekale chomene, agogo a agogo athu ankapanga otere ndi manja. Ankatenga mkuwa, n'kusema timaenje, n'kuthiramo galasi lopera la mitundumitundu. Akaika pamoto galasi lija limasungunuka n'kugwira, ndipo mtundu wake sutha. Ankapanga awiriawiri. Lina lili ndi kamlomo kothirira madzi, lina lolandira, kuti alendo asambe m'manja asanadye."

"Nanga zinyamazi?"

"Banja lililonse lalikulu linali ndi chishango chake. Ena mkango, ena mbalame, ena maluwa. Mlendo posamba amayang'ana pansi pa madzi n'kudziwa kuti akudya kwa yani."

Ndinanyamula besenilo m'mwamba mosamala kuti aone mbedza yofiira kunsi, n'kumufotokozera za madontho athu atatu ndi za ziwiya zovundikira pa kapinga. Anavala magalasi kuti aonetsetse. Anati zaka zonse zimene wakhala akudya pamaliro ndi pamaukwati kuno sanaganizepo zotembenuza mbale.

"Ndiye kuti ife tinkalemba pamwamba kuti mlendo atiope," anatero akuliza galimoto. "Inu mumalemba pansi kuti mbale ibwerere kwawo."

Ndinavomera, koma mumtima ndinkati kubwerera kwake n'kumeneku, munthu wamoyo wachita kunyowa nako.

Tinatsikira ku Mzuzu dzuwa litapendeka, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Fungo linandipeza tisanalowe n'komwe m'tauni: utsi wa nkhuni zonyowa, bulugamu, ndi dothi limene siliuma. Wansembe ananditsitsa pafupi ndi msika n'kupitiriza ndi wodwala uja kuchipatala. Ndinagula nthochi ziwiri za ku Nkhata Bay, zazifupi zonenepa zija, n'kudya chiimire. Mzuzu ya nthawi imeneyo inali yaing'ono, yoti ukayenda pang'ono wakumana ndi munthu amene anakuona uli wamaliseche. Ndinasenza beseni paphewa n'kulowera ku Chibanja, kudutsa m'mbali mwa bwalo la ndege kumene tili ana tinkathamangira kukaona kandege kakutera, n'kubwerako titakwapulidwa chifukwa chothawa ntchito.

Nyumba yathu inali pomwepo, koma ya eni ake ena. Pawindo panali makatani amaluwa, ndipo mtengo wa mapeyala umene bambo anabzala anali ataudulira nthambi. Kamwana kena kanali pakhonde pamene bambo ankakhala povula nsapato, ndipo kanandiyang'ana ngati mlendo, poti ndinalidi mlendo. Sindinaime.

Njira ya kwa aNyaMhone inkadutsa pampopi paja. Panali amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndowa zili pamzere monga kale. Ndinkadziwa kuti zimene nkhope zawo zichite poona besenilo ndi zimene Chibanja yonse yakhala ikunena za amayi anga. Anandizindikira. Tinapatsana moni, anafunsa za amayi, za mlongo wanga, za kumudzi. Kenako mmodzi, amene tinkamutcha aNyaJere, anawerama n'kusuzumira kunsi kwa beseni lili paphewa panga.

"Mbedza," anauza anzake. "Lawerako ku ulendo."

Anaseka onse, koma sikunali kuseka kwa anthu amene agwira wakuba. Sindinamvetse. Awiri anasiya ndowa zawo n'kunditsatira, ndipo ndinati bola, amayi anafuna mboni.

ANyaMhone anali kuseri kwa nyumba akuwaza nkhuni, atavala juzi yaamuna. Anali atachepa thupi kusiyana ndi mmene ndinkawakumbukira. Nditati odi anatembenuka, nayang'ana ine, nayang'ana beseni, kenako nayang'ana njira kumbuyo kwanga. Anayang'ana njirayo nthawi yaitali.

"Wabwera wekha?"

"Ndekha, mama."

Anayika nkhwangwa pansi n'kundipatsa mpando. Ine ndinagwada, n'kuika beseni patsogolo pawo, n'kuyamba mawu amene ndinawakonza kuyambira pa Mponela. Ndinati amayi apepesa kwambiri. Ndinati linalowa m'katundu mosadziwa, bokosi silinatsegulidwe msanga, ndipo tsiku limene analipeza sanagone. Ndinati amayi anga si munthu wotenga chamwini.

"Ukundiuza ine?" anatero aNyaMhone. "Anyina Lameki ndawadziwa iwe usanamere mano. Singano yanga inagonapo kwawo usiku umoza, m'mawa kusanache anali pakhomo."

Lameki ndine, ndipo anyina Lameki ndi mmene ankawatchulira amayi ku Chibanja. Ndinali ndisanamve dzina limenelo kuchokera pakamwa pawo kwa zaka zitatu.

"Beseni ili silinasochere yayi," anapitiriza. "Ndinaika ndekha. Tsiku mumalongedza lija, inu muli kutsogolo kukweza mabedi mu lole. Chitenje ndinachotsa pachingwe chawo."

Amayi awiri aja anali chiimire pambali, akumwetulira ngati anthu amene nkhaniyi anaimva kale kangapo.

"Chifukwa chiyani, mama?"

"Pakamwa, mwana wane. Ndinafika pakhomo panu kawiri kuti nditsanzike. Kawiri konse mawu anakana, ndinangofunsa ngati mwaona nkhuku yanga. Ndiye ndinati, munthu uyu sangagone ndi chinthu chamwini m'nyumba. Akachipeza abwera nacho yekha, akalipe, ine ndikalipe, kenako timwe tiyi." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Ndimati mwezi umoza. Mwachedwa chomene. Basi iliyonse ya ku Lilongwe ine maso kunjira."

Ndinafunsa zimene anthu ankanena poona kuti beseni la mkango kulibe. ANyaJere ndi amene anayankha. Anati pa ukwati wina wa ku Katawa anthu analifunsa, poti ndi limene akuluakulu ankasambiramo m'manja, ndipo aNyaMhone anayankha pamaso pa onse kuti analituma ku Dowa kukatenga mnzawo.

Ndinakhala pampando paja osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Amayi anga anali ataonda ndi manyazi a mlandu umene kunalibe, ndipo mayi uyu anali ataonda ndi kudikira. Ndinakwiya nawo onse awiri, ndipo ndinawamvera chisoni onse awiri.

ANyaMhone anamasula nsalu, natapa mtedza, nauyang'ana pafupi. "Wasankha yekha uwu," anatero. Kenako anapeza kamwala kofiira ka ku Chikangawa, n'kundiyang'ana. Ndinafotokoza za ngalande. Anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene ndinkakumva kudzera pampanda ndili mwana. Anakhuthulira mtedzawo m'lichero, natapira amayi awiri aja aliyense m'chitenje chake, kenako anatembenuza beseni n'kuwerenga mabala ndi chala. Anali atatu.

Madzulo amenewo, chakudya chisanabwere, anabweretsa beseni lomwelo atalitsuka, ndi jagi ya madzi ofunda. Anagwada n'kundithirira. Ndili mwana tinkaliona besenilo patali, likupita kwa abusa ndi kwa akuluakulu a mpingo, ife tikusamba m'chitini kuseri. Ndinayang'ana mkango uja pansi pa madzi, manja anga ali pamwamba pake, ndipo ndinakumbukira kuti bambo anasambirapo momwemo pa ubatizo wa mlongo wanga. Misozi inabwera, ndipo sindinaibise. ANyaMhone anangopitiriza kuthira mpaka madzi anatha.

Ndinagona pamphasa pabalaza. M'mawa ndinadzuka mtima uli mbee, ndikuganiza za ulendo wobwerera manja ali m'thumba ngati mphunzitsi weniweni. Nditatuluka ndinapeza beseni lili pakhonde, lodzaza ufa wa kondowole, ufa wa chinangwa uja wa kwawo kunyanja, pamwamba pake kaphukusi ka usipa wouma, nsalu ya amayi itamangidwa mfundo ziwiri.

"Mama, anandituma kudzabweza."

"Wabweza, anthu aona. Sono nakutuma ine."

"Akakanditumanso?"

"Ukawauze kuti kwa iwe sindilandiranso. Ndalandira kamoza, basi."

Anandiperekeza mpaka kudepoti, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi beseni paphewa, tikudutsa pampopi pamene ndowa zonse zinaima kutiyang'ana. Kondakitala wa tsiku limenelo anali wina, koma nayenso anafuna kuliponya pamwamba. ANyaMhone anamuyankha m'Chitonga mawu ochepa, ndipo anandipatsa mpando wakutsogolo.

Ulendo wobwerera unalibe nkhani. Msewu wa Chikangawa unali utauma, pa Mzimba tinagonanso, pa Kasungu anyamata aja anaona ufa n'kundisiya. Ndinali ndi nthawi yoganiza. Ndinapita ku Mzuzu ndikudziwa kuti chizindikiro cha kunsi kwa mbale chimanena mwini wake, ndipo ndinkayesa kuti ntchito yake imathera pomwepo. Sindinkadziwa kuti munthu amene pakamwa pamukanika akhoza kuchituma. Ndinaphunziranso kuti amayi awiri amakani akhoza kuyendetsa mwamuna wa tayi masiku anayi, osamulipira, chifukwa cha mawu amodzi amene aliyense akudikira kuti ayambe mnzake.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anandiona ndili patali, ndipo ataona beseni paphewa panga anaimirira, lichero n'kugwa.

"Wakana kulandira?"

Ndinalitula patsogolo pawo n'kufotokoza zonse osachotsera, monga anandiuzira: za chitenje cha pachingwe, za nkhuku imene sinasowe, za ukwati wa ku Katawa, ndi za njira imene aNyaMhone anayang'ana kumbuyo kwanga. Anamvetsera ali chiimire. Kenako anakhala pansi, namasula mfundo ziwiri zija, napisa dzanja mu ufa n'kuufikisa pakati pa zala.

"Mfiti ya munthu," anatero. "Masiku onsewa ine osagona." Mawu anali okalipa, koma misozi inkagwera mu ufa, ndipo anasuntha beseni kuti usanyowe. "Wakalamba?"

"Achepa thupi. Koma kuseka n'komwe kuja."

Anayang'ananso ufawo.

"Zaka zonse zija kondowole sindinaphunzire kuphika," anatero. "Amandituluka mabulumabulu. Ndikaphika ndekha ndingowononga ufa wa eni ake." Anamanganso nsalu ija, mfundo ziwiri, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ukandifunsire basi ya Lachisanu. Akandionetse yekha mwini wakeyo."